Amayi Josephine Besa ndi Diso la Keziah

Amayi Josephine Besa, amene tinawaika m'manda mwezi watha, anabadwira ku Luapula. Anafika ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, ali kamtsikana, nakulira khomo loyang'anizana ndi la Amayi Valerie Mukuka. Awiriwa anabatizidwa tsiku limodzi, ndipo chiyambire pamenepo a Valerie ankaona ngati chabwino chilichonse chimagwera mnzawoyo. A Valerie anakwatiwa m'nyumba yampanda ku Woodlands, koma ntchito yochapa nsalu za paguwa itapatsidwa kwa a Josephine, mtima unawawa osapola.

A Josephine anali ndi mtanda wawo. Mwana wawo yekhayo, Boyd, anamwalira diso litatupa. Makampani a boma atagulitsidwa, amuna awo anachotsedwa ntchito, a Josephine n'kuyamba kugulitsa zitumbuwa pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Misa ya m'mawa sankaphonya. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu sasenzetsa munthu mtolo n'kumumana nkhata."

Chaka china Keziah, mwana wa a Valerie, anadwala chimfine, kenaka chikope chinatupa, thupi n'kutentha. Mayi ake anati ndi sokera chabe, nadonthezamo mkaka wa m'mawere wopempha kwa mnansi. Chotupacho chitakula, anayamba kunong'ona kuti wosowa mwana wachitira nsanje wa mnzake. Mawuwo anawapeza a Josephine. Anakwera minibasi, nakagogoda pageti.

"Mwabwela kuona nchito yanu?" anafunsa a Valerie.

"Nabwela kuona mwana. Keziah, tsatila chala changa."

Diso linali litatulukira kutsogolo, ndipo silinkayenda.

"Waona zala zingati?"

"Ziwili, ba Josephine."

Chinali chimodzi.

"Boyd anali tele, ine n'kumathila mkaka," anatero a Josephine. "Tenga chitenje, Valerie. Uzanitukwana m'njila."

Kuchipatala dokotala anaunika disolo ndi tochi, nafunsa za chimfine chija, natumiza mwanayo kukajambulidwa mutu. Chithunzi chinaonetsa mafinya kuseri kwa diso, ochokera m'mphako za mphuno. Anati akanachedwa, diso likanafa, mwina ndi mwana yemwe. Mafinyawo anawachotsa tsiku lomwelo.

A Valerie anathokoza, koma nsanje inangosamukira pena. Keziah anayamba kuwatchula a Josephine kuti mayo, kutanthauza mayi m'Chibemba, ndipo Loweruka lililonse ankapita ku Kabwata. Mayi ake ankamudikira pageti atatupa masaya. A Josephine ankadziwa zonsezi, koma ankangomubweza mwanayo dzuwa lisanalowe, atamupatsira zitumbuwa za mayi ake.

Anamwalira atakalamba, atalandira mafuta a odwala, kolona ili m'manja. Amene anawatseka maso ndi a Valerie. Pa Misa ya maliro Keziah anawerenga Mawu ndi maso ake onse awiri. A Valerie anayang'ana khamulo nati, "Pa malilo anga sazabwela onse aba."

Lero amayi a mumpingo muno, diso la mwana likatupa, amayamba ayendetsa chala. Nsalu za paguwa amachapa ndi a Valerie. Sabata yatha anaziyanika, naziyang'anitsitsa padzuwa nthawi yaitali, nati, "Sopo ni yomweyo, pompi ni yomweyo. Nanga za uja zinali kuyela bwanji?"