Kiyi wa makalata a kampani yathu

Zoti a Chidindo anawadyetsa mankhwala abwana kuti asachotsedwe ntchito ndi bodza, ndipo amene akufalitsa ndikuwadziwa ndi nsapato zawo zomwe. Ine ndinalipo, ndikupukuta zenera lomwe silinali lakuda.

A Chidindo ndi mesenjala pa kampani yathu yogulitsa matayala. Zaka makumi atatu akupalasa njinga kupita ku positi, kalata olo imodzi osatayapo, ngakhale ija inagwa nawo m'ngalande. Kompyuta amayipatsa ulemu ngati apongozi, kuyilambalala patali. Ndiye abwana atanena kuti makalata onse azidzera pa imelo, tonse tinadziwa kuti madala akupita kumudzi.

Kunabwera katswiri wa makompyuta wa tayi yofiira ndi njira ziwiri. Mwina kugula makina athuathu, akuti seva, n'kuwaika m'chipinda chosungira matayala, kapena kubwereka malo kwa kampani yaikulu yosunga maimelo a anthu ambiri. Iye ankakokera ku makinawo. Abwana nawonso maso anali atawala, paja amakonda chinthu choti aziloza alendo akabwera.

A Chidindo anali pakhomo, chipewa m'manja, kudikira siginecha. Anatsokomola n'kufunsa kuti magetsi akazima masiku awiri kalata ikabwera ipeza ndani. Katswiri anati imadikira, ikatopa imabwerera kwa mwini wake. Nanga makinawo akadwala? Anati muziimbira ine.

"Nanga kiyi asunga ndani, achimwene?"

"Ineyo, madala."

"Inu mukapita kumaliro sabata yathunthu, ife tizikawerengera makalata athu kumandako?"

Akalaliki anabisa nkhope mu faelo. Koma madala sanaseke. Anafotokoza mofatsa kuti bokosi la ku positi amalilondera ndi eni positiwo usana ndi usiku, ife timangosunga kiyi, ndipo limalembedwa dzina la kampani, osati la munthu woti mawa akhoza kukwiya n'kuchoka. Ine ndinasiya kupukuta zenera lija. Munthu wosadziwa n'komwe poyatsira kompyuta, kumuphunzitsa wa tayi ntchito yake!

Abwana anasankha zobwereka malo zija, m'dzina la kampani. Mawu achinsinsi otsegulira anawalemba okha, kumata mu envelopu, n'kuyang'anayang'ana woti amupatse. Anadumpha akalaliki, anadumpha mlamu wawo, ine sanandiyang'ane n'komwe. Envelopu inagwera m'manja mwa madala.

A Chidindo akadali pa ntchito chifukwa abwana sanapeze wina womukhulupirira pa nkhani ya kiyi.