Malaya Awiri M'kati mwa Bulangete

Tsiku limenelo tinkatseka bulangete. Mvula inali itangokata, ndipo tinayala mphasa ziwiri pakhonde la Abiti Jafali ku Mchengautuwa. Tinalipo asanu ndi awiri. Wamng'ono ndinali ine Esinati, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndinkakhala kwa Abiti komweko, ndikuthandiza mugolosale ya amuna awo, Che Yusufu.

Inu obadwa dzana simunalione gulu lathu. Tinkatola zidutswa za nsalu kwa atelala a mumsika n'kuzilumikiza kukhala mabulangete a odwala ndi ana amasiye. Ku Mzuzu kumazizira, ndipo wodwala wopanda chofunda sachedwa. Pamwamba tinkaika zigamba, pansi matumba a ufa ochapa bwino, pakati zovala zakutha zong'ambang'amba. Zapakatizo tikatseka palibe ankazionanso.

Chinali chaka chomwe tinavota kuti zipani zikhale zambiri. Tinali titamva kuti asilikali ayambana ndi anyamata a chipani, aja a mayunifomu ndi mfuti. Koma masiku amenewo mphekesera zinkabwera ngati mvula ya kuno, tsiku ndi tsiku. Ife tinangopitiriza kusoka.

Mfuti zitayamba kulira ndinayesa malata akutsitsidwa mu lole. A NyaLongwe, mayi wa ku Nkhata Bay amene ankatitsogolera, anabaya singano m'nsalu n'kuisiya momwemo. Ana a sukulu anadutsa akuthamanga opanda makope. Mayi wina anadutsa atasenza wailesi, mwana akumukoka chitenje. Utsi wakuda unakwera cha kutauni.

Mlongo wanga Lameki anatulukira m'chimanga cha kuseri kwa nyumba. Anali mmodzi wa anyamata a chipaniwo. Analowa zimenezo atalephera Sitandade 8, poti ankati amaphunzitsa ukalipentala. Pambuyo pake panali mnzake Yotamu, wa kwathu komwe ku Dowa. Jombo anali atataya kudambo. Mapazi anali matope okhaokha, koma yunifomu inali ikadali m'thupi.

Lameki ndiye analankhula. Anati asilikali akuyenda nyumba ndi nyumba, ndipo wopezeka ndi yunifomu sakumufunsa dzina.

Amayi atatu ananyamula ana awo n'kuchoka. Sindiwada, ngakhale lero. Tinatsala anayi: Abiti, a NyaLongwe, a NyaKaunda ndi ine.

Ine mantha anga anali pa a NyaLongwe. Zaka ziwiri m'mbuyomo, pageti la msika, mnyamata wina anawakhuthulira dengu la usipa m'matope chifukwa analibe khadi la chipani. Mnyamatayo anali Lameki. Iwo ankadziwa, ine ndinkadziwa, ndipo tinasoka limodzi chaka chathunthu osaitchula nkhaniyo.

A NyaLongwe anamuyang'ana. Lameki anagwetsa nkhope.

"Ndiwe yemwe uja," anatero a NyaLongwe. "Vula malayawo. Nawenso vula."

Kuwotcha sikukadatheka, poti utsi wa nsalu umanunkha mpaka kwa aneba. Chimbudzi chinali cha mabanja anayi, ndiponso chinali pafupi kudzadza. Abiti anati m'nyumba mwawo musatsale ngakhale kaulusi ka yunifomu. A NyaLongwe analoza bulangete lomwe linali chitsegukire pamphasa.

Tinalikokera m'nyumba. A NyaKaunda anadula mathalauza, ine malaya. Lamulo la gulu linali lochotsa mabatani ndi mazipi tisanayale, kuti wodwala asapwetekedwe pogona. Ndinkachotsa ndi lezala mothamanga. Ndinadzicheka chala, ndipo magazi anadontha pa thumba la ufa. Abiti anati ndisapukute, palibe nthawi.

Ntchito ya masiku awiri tinaigwira maola awiri. Aliyense anayambira ngodya yake. Misoko inali italiitali, yokhotakhota, yoti tsiku lina a NyaLongwe akadatiphwasulitsa. Mfuti zinkalira, kuleka, n'kuyambanso chapafupi. Anyamata awiriwo anakhala kuseri kwa matumba a shuga atatsuka mapazi n'kuvala zovala za Che Yusufu. Yotamu anali wamtali, ndipo thalauza linamulekeza m'mawondo.

Che Yusufu anavomera kutulutsa pikapu yawo yonyamulira katundu. Nzeru inali yoti tigoneke wodwala kumbuyo, tinene kuti tikupita naye kwawo ku Nkhata Bay, achipatala alephera. Koma wodwala anayenera kukhala mmodzi. Anyamata awiri ometa mofanana, odwala tsiku limodzi, ngakhale chitsiru chikadakayika.

"Tinyamule uti?" anafunsa a NyaLongwe.

"Achimwene anga," ndinatero.

Ndinayankha msanga kwambiri. Funsolo linali lisanathe n'komwe. Yotamu anandiyang'ana, kenako anayang'ana mapazi ake. Anati palibe vuto, ali ndi malume ku Luwinga, ayenda wapansi. Abiti anamupatsa kofia ndi mapatapata. Anatulukira m'chimanga momwe analowera muja. Mayi athu ndi mayi ake ankatunga madzi pachitsime chimodzi.

A NyaLongwe anamupaka Lameki phulusa m'milomo ndi m'masaya. Anamuveka chipewa choluka, chimodzi mwa zomwe tinakonzera odwala. Tinamukulunga m'bulangete mpaka m'khosi. Iwo anakhala pansi m'pikapumo n'kuika mutu wake pamwendo pawo. Ine ndinakhala kumapazi.

Tinadzera tinjira ta m'makomboni. Mashopu anali otseka. Njinga inali gone pakati pa msewu, gudumu likuzungulirabe. Pakhomo lina munthu anagona chafufumimba, atavala jombo imodzi. Palibe anaima pafupi naye. Ndinagwira mapazi a Lameki, ndipo anali ozizira ngati mwala.

Potulukira m'tauni panali migolo iwiri ndi thabwa. Asilikali anali atakhazika amuna pansi m'mbali mwa msewu, manja pamutu. Ankawavula malaya n'kuyang'ana m'mapewa ndi m'miyendo, kufunafuna zipsera za mfuti ndi jombo. Mmodzi wa okhala pansiwo ankalira mayi ake, bambo wa ndevu.

Asilikali anawatsitsa Che Yusufu kuti akatsegule kutsogolo kwa galimoto. Kumbuyo kwathu kunabwera msilikali wachikulire, maso ali psuu. Anafunsa kuti wagonayo ndani.

"Mwana wane," anatero a NyaLongwe. "Chifuwa chachikulu. Walwala chomene. Akafere kwawo."

Lameki anatsokomola monga anamuuzira. Msilikaliyo sanafutuke. Anaona magazi anga aja pansalu. Kenako anayendetsa dzanja pabulangete, kuyambira pachifuwa kutsika. Pafupi ndi bondo dzanjalo linaima.

Ndinadziwa pomwepo. Linali batani la pathumba la malaya, lachitsulo. Ndinali nditaliiwala ine.

Analitsina ndi zala ziwiri kudzera m'nsalu. Analizunguza. Munthu wovala yunifomu amalidziwa batani la yunifomu ngakhale atatsinzina. Mkodzo unanditsika m'miyendo, ndipo sindichita manyazi kunena. Mumtima ndinati ndamupha mlongo wanga ndi lezala langa lomwe.

Anayang'ana a NyaLongwe. Iwo sanaphethire. Anangoika dzanja lawo pamphumi pa Lameki ngati akumva kutentha kwa thupi.

"Munasoka ndinu, amama?"

"Ndife. Timasokera odwala."

"Mwathamanga nalo," anatero msilikaliyo. Anakoka ngodya ya bulangete n'kufunda mapazi a Lameki amene anali poyera, mapazi oyera a munthu wokhalira jombo. Anamenya bodi ya galimoto kawiri.

"Yewo, adada," anatero a NyaLongwe.

Dzina lake sindinalidziwe. Sindikudziwanso ngati anachita zomwezo kwa wina tsiku limenelo.

Msewu wotsikira ku Nkhata Bay ndi wokhotakhota. Tinadutsa anthu ambiri apansi, atasenza mitolo ndi nkhuku. Mvula inayambanso. Bulangete linanyowa n'kulemera, koma Lameki sanalichotse. Ankalira chamumtima, mapewa akugwedera. A NyaLongwe sanamutonthoze. Anangochotsa mutu wake pamwendo pawo n'kuutsamiritsa pa tayala la sipeya.

Tinafika dzuwa likadalipo, pamudzi wa mchimwene wa a NyaLongwe pakati pa minda ya chinangwa. Kunalibe phokoso lililonse kupatula mbuzi. Anatipatsa madzi osamba. Lameki anagwada pamaso pa a NyaLongwe n'kuyamba kupepesa za usipa uja.

"Dzuka," anatero. "Sindinakukhululukire. Ndangokunyamula."

Anabwerera ku Mzuzu ndi Che Yusufu tsiku lomwelo, poti anasiya ana awo okha. Ife tinakhala kumeneko miyezi iwiri. Lameki ankalima chinangwa, osatuluka pamudzi. Ali moyo mpaka lero. Amakhoma mipando ku Dowa, ndipo ali ndi zidzukulu zitatu. Ku Mzuzu sanapondekonso.

Ine ndinabwerera kwa Abiti ndi bulangete lija. Ndinapita ku Luwinga. Malume a Yotamu ndinawapeza, ndipo anati mwanayo sanafike. Ndinafunsa kuchipatala ndi kundende. Ena ankati anyamata ambiri anathawira kunja kwa dziko. Ndinaigwiritsa nkhani imeneyo chifukwa inandithandiza kugona.

Chimanga chitacha, mayi ake a Yotamu anabwera kuchokera ku Dowa. Anali asanakwerepo basi yaitali chotero. Anafikira kwa ine, poti ndine ndekha amene ankandidziwa m'tauni muno. Anayenda sabata yathunthu ndi kachithunzi ka mwana wawo m'kanthu ka pulasitiki. Palibe anamuona.

Tsiku lonyamuka, gulu linakumana pakhonde lomwe lija. A NyaLongwe anatulutsa bulangetelo n'kuliika pamiyendo pa mayiwo. Anawauza kuti malaya a mwana wawo ali m'katimo. Mayiwo anayamba kulisisita pang'onopang'ono, chigamba ndi chigamba, mpaka anapeza batani lija. Anafunsa ngati linali la Yotamu. Malaya onse awiri ndinadula ndine, ndipo sindinkadziwa. Ndinati inde.

Ndinawaperekeza kudepoti nditawasenzera mtolo. Basi isananyamuke anandigwira dzanja pawindo. Anandithokoza kuti ndinamusamala mwana wawo pa tsiku lake lovuta, kuti sanachoke wamaliseche. Anati Mulungu ndiye anasankha wokwera galimoto.

Ndinavomera ndi mutu. Anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anawaika ndi bulangete lomwelo. Sindinawauze kuti panafunsidwa funso, ndipo woyankha ndinali ine.