Fomu Yopanda Malo a Malume

Ntchito yanga yoyamba ya mu ofesi ndinaipeza pa maliro. Tinali pa pulazi ya fodya kufupi ndi Trelawney, kumene ndinakulira, ndipo m'busa wina wa ku Banket anaimirira kuti apepese anamfedwa. Anayankhula Chishona chozama, nkhalamba zathu n'kumangomuyang'ana. Ndinaima pambali pake ndi kuyamba kumasulira. Titachoka kumanda anandifunsa ngati ndimalemba. Ndinamuuza kuti ndinalekezera Fomu Thu, ndipo ndimalemba manambala pa mabelo mu shedi yosankhira fodya. Anati kabungwe kawo, kamene kankathandizana ndi ofesi yosamalira anthu ovutika, kakufuna munthu wodziwa chinenero cha m'makomboni. Mwezi usanathe ndinali nditavula ovolosi.

Anandipatsa njinga yakuda yakapalasa, chikwama chachikopa, mabolopeni, sitepula, mapepala a kaboni ndi kapadi ka inki kodindira chala. Fomu iliyonse inkalembedwa patatu. Kope loyera linkapita ku ofesi yaikulu, lachiwiri mu fayilo yathu. Lachitatu, lija losaoneka bwino chifukwa kaboni watopa, palibe amene ankalifuna. Ine ndinayamba kulisunga. Onse ndili nawo mpaka lero mu thiranki, omangidwa ndi chingwe cha mabelo, pulazi iliyonse mtolo wake. Zimene ndikulemba pano sindikuzichotsa m'mutu mokha.

Ntchito zinali ziwiri. Yoyamba inali kuphunzitsa. Lamlungu masana, anthu atalandira, ndinkakhala pansi pa mtengo kutali pang'ono ndi bawa, aliyense atagwira kapepala kake ka malipiro. Tinkawerenga mzere ndi mzere: uwu ndi malipiro anu, uwu ndi zimene sitolo ya pa pulazi yadula, uwu ndi wa yuniyoni, uwu ndi msonkho. Ndinkawauza kuti akatsegule buku ku positi ofesi, ndipo bukulo asamusungitse wa sitolo ngakhale atakhala mnzawo wopemphera naye. Amayi achisilamu ogulitsa usipa ndi mandasi ndiwo ankamva msanga, mpaka ena ankandikonza ine. Yachiwiri inali mafomu. Panali fomu yopempha kuti mwana wa banja losauka alipiriridwe fizi, ndi fomu yopempha kuti msonkho uchepe chifukwa cha ana amene munthu akulera. Yachiwiriyi inkakhudza anthu ochepa, madalaivala, amakaniko ndi mafolomani, poti ena onse malipiro awo sankafika n'komwe pa msonkho.

Musaganize kuti zinkayenda. Munthu wa pa pulazi akapita ku ofesi ankauzidwa kuti ali ndi bwana wake. Akapita kwa bwana ankauzidwa kuti ali ndi boma lake. Akatulutsa chitupa, maso a kalaliki ankathamangira pa chilembo chija chosonyeza kuti ndi mlendo, ngakhale mchombo wake unagwera m'komboni momwemo. Ndinkabwerera pa njinga mano ali gwa.

Mkulu wanga anali Mai Marufu. Sanali wakuba, sanali waulesi. Ankafika m'mawa ine ndisanafike, ndipo ndalama ya munthu sanaikhudzepo. Lamulo lawo linali limodzi: "Chisale, bokosi lililonse lidzazidwe. Fomu yokhala ndi bowo imabwezedwa." Vuto lake, mabokosiwo anawajambula anthu amene sanaponde m'komboni.

Tsopano ndinene za aNkhoma. Anali dalaivala wa thirakitala pa pulazi yoyandikana ndi yathu, munthu wosayankhulayankhula, ana awo atakula kale. Mlongo wawo, Nankhoma, anamwalira n'kusiya ana atatu: Esinati, ndi tianyamata tiwiri. Mwamuna wa malemu anali Jailosi. Pa tsiku lometa ndinalipo ine mwini, ndinaona ndi maso. Akuluakulu anamusudzula Jailosi monga mwa mwambo wathu. Anamuphera nkhuku, anamupatsa bulangeti lake ndi wailesi yake, namuuza kuti wamasuka, akhoza kukakwatira kwina. Iye anawomba m'manja nati ana ndi a mbumba, atsale ndi amalume awo. Anapita cha ku Selous, nakwatira. Zaka zinadutsa osatumiza ngakhale sopo.

Esinati anakhoza bwino Giredi Seveni, ndipo sekondale inamutenga. Chaka chomwecho aNkhoma anawakweza kuti aziyendetsanso lole, msonkho n'kuyamba kuwaluma ngati munthu wopanda mwana. Anandipeza nditamaliza kuphunzitsa, chipewa chili m'manja.

"AChisale, zija mumanenazi, za ana. Inetu ndili nawo atatu."

Ndinalemba mafomu onse awiri. Panali bokosi la bambo, bokosi la mayi, ndi bokosi la wolera, koma la woleralo linkafuna pepala la khoti kapena siginecha ya bambo ngati ali moyo. M'mphepete ndinalemba bwinobwino kuti uyu ndi malume, mwini mbumba, ndipo bambo anasudzulidwa. Mai Marufu anadula mawuwo ndi bolopeni yofiira. Mzere wake unalowerera mpaka pa kope langa.

"Bambo ali moyo?"

"Ali moyo, mai, koma anasudzulidwa."

"Pepala lake lili kuti?"

"Kunalibe pepala. Kunali anthu."

"Anthu sindingawaike mu fayilo. Muitaneni adzasaine."

Ndinawapempha. Ndinati mai, munthu uyu wagona, musamudzutse. Ndinati tiyeni titenge nkhalamba zimene zinalipo, tikalumbire kwa majisitireti. Anati zimenezo zitenga nthawi, mafomu a fizi akutsekedwa, ndipo bambo ndi bambo, angakane bwanji kuthandiza ana ake. Kwawoko mwana ndi wa amene analowola, ndipo sanaganizepo kuti pali anthu ena pansi pano amene amachita mosiyana. Ine nditapita ku mapulazi, anaimba foni kwa manijala wa kumene Jailosi ankagwira.

Ofesi yathu inali kachipinda kuseri kwa holo ya tchalitchi ku Banket: tebulo, kabati ya mafayilo, ndi benchi limodzi. Tsiku losainalo aNkhoma anapempha kujomba kuntchito, nabwera ndi ana onse atatu atasamba, atadzola. Esinati anavala yunifolomu yake yakale ya pulayimale, yomuthina m'khwapa. Jailosi analowa dzuwa lili pamutu, jekete ili pa phewa, thukuta lili kamukamu. Ndinaona msanga kuti ali ndi mantha. Ankaganiza kuti amuitanira mlandu wosasamala ana.

"Alamu," anatero akuseka mwamanyazi, "thirakitala yakukondanitu, mwanenepa."

ANkhoma anangoti, "Khala apo, usaine, uzipita."

Anakhala. Anagwira bolopeni. Akanasaina pomwepo, bwenzi nkhani iyi kulibe. Koma Mai Marufu, pofuna kumukhazika mtima pansi, anamuuza m'Chishona kuti asaope, palibe mlandu, mwalamulo ana ndi ake, iye akungolola kuti mlamu wake amusungire. Jailosi sanadikire kuti ndimasulire. Anaika bolopeni pansi.

"Ndi anga? Boma likutero?"

"Ndi anu, baba."

"Onse?"

Anatembenuka n'kuyang'ana pa benchi. Sanayang'ane nkhope. Anamuyang'ana Esinati momwe folomani amayang'anira munthu wofuna ganyu, mikono ndi msinkhu. Tonse a m'makomboni tinadziwa chimene akuwerengera. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo pa pulazi nyumba imene ili ndi manja ambiri nthawi yothyola fodya ndiyo sithamangitsidwa.

"Ang'onoang'onowo khalani nawo, alamu. Wamkuluyu ndikumutenga."

ANkhoma anaimirira pang'onopang'ono. "Iwe Jailosi. Unasudzulidwa pamaso pa anthu. Nkhuku unadya. Bulangeti unanyamula."

"Nkhuku ilibe chidindo, alamu."

Ndinamenya tebulo mpaka kapadi ka inki kanagwa. Ndinamuuza Jailosi kuti mwanayu ali ndi malo ku sekondale, kuti nsapato zimene wavalazo sakudziwa n'komwe amene anagula. Anati, "A kalaliki, inu ntchito yanu n'kulemba. Lembani." Mai Marufu nkhope inasintha. Anayamba kubweza mawu, kuti sanatanthauze choncho, kuti tikambirane. Mawu anali atatuluka kale. ANkhoma anamugwira Jailosi pakhosi pa malaya, benchi linagwa, tianyamata tinayamba kulira, ndipo wina panja anathamangira wapolisi amene anali tsidya la msewu.

Wapolisiyo sanachite nkhanza. Anafunsa funso limodzi lokha: setifiketi yobadwira ya mwana ili kuti? Inali pa tebulo, mu fayilo imene ndinaikonza ndekha, yomata bwino ndi sitepula. Anawerenga dzina la bambo, nayang'ana chitupa cha Jailosi. Ndinamufotokozera za kusudzula m'Chishona, ndinabwerezanso m'Chingerezi. Anamvetsera mpaka kumapeto nati m'Chishona, "Mudhara, zimenezo mukanene kukhoti. Lero mwana apita ndi amene walembedwa apa."

Jailosi anasaina za tianyamata, mosavuta, akumwetulira. Anasainanso fomu ya fizi ya Esinati poganiza kuti ndalamayo idzabwera m'manja mwake. Kenako anamugwira mwanayo pamkono. Esinati anali atagwira thumba la ovolosi ya aNkhoma, ndipo sanalire. Anangoti, "Amalume, mabuku anga ali kunyumba." ANkhoma anati, "Ndikubweretsera, mayi." Tinawaperekeza mpaka pokwerera basi ngati anthu opusa, ine ndikukankha njinga. Basi itanyamuka aNkhoma anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, munthu wamkulu, nati, "Ndinabwera kuti andichotsereko msonkho. Andichotsera mwana."

Mabukuwo aNkhoma anawapititsadi. Anamupeza Esinati mu shedi, khanda lili kumbuyo, akumanga fodya. Tinayamba za kukhoti, ndinalemba makalata, nkhalamba zinadinda zala. Tsiku la mlandu lisanafike Jailosi anasamukira pulazi ina, kenako ina, monga ankachitira anthu masiku amenewo, ndipo samani yomuitanira kukhoti inabwerera kwa ife isanatsegulidwe. Nayonso ndili nayo.

Sukulu zitatsegula kalekale, yankho linabwera kuchokera ku ofesi yaikulu. Mafomu onse awiri anavomerezedwa. Msonkho wa aNkhoma unachepa chifukwa cha ana awiri. Fizi ya Esinati inalipiridwa yonse ku sekondale, kumene desiki lake linali litapatsidwa kale mwana wina. Mai Marufu anaika fayiloyo pa mulu wa nkhani zimene zatheka. Zatheka! Ndinapalasa mpaka kwa aNkhoma ndi kuwawerengera kalatayo atakhala pa tayala la thirakitala. Anandiuza kuti ndiwerengenso. Nditamaliza anati, "Sungani inu. Ine ndingaiwotche."

Anthu ena amati ndikhululuke, poti mai aja ankafuna zabwino. Ndikudziwa kuti ankafuna zabwino. N'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Anauzidwa, m'mawu omveka, ndi munthu amene anamulemba ntchito kuti aziwauza zinthu zoterezi, koma bokosi linawakulira kuposa mwana. Sanapepese. Chimene anachita n'chakuti kuyambira pamenepo ndikalemba mawu m'mphepete mwa fomu, bolopeni yofiira ankaisiya mu dirowa.

Ine ndinasintha kagwiridwe ka ntchito. Ndisanavundukule bolopeni ndinkafunsa mafunso awiri amene sali pa fomu iliyonse: mwanayu amadya kwa yani, ndipo pepala ili likayenda lidzutsa yani? Yankho likandikayikitsa, fomu inkadikira mpaka pepala la wolera lipezeke, ngakhale tsiku lotsekera lidutse. Fizi ya chaka chimodzi anthu amatha kusonkherana.

Ndinayambanso kupita pa kumeta kulikonse ndi chikwama changa. Mwamuna akangosudzulidwa, ndinkayala kaboni pa bondo n'kulemba zimene wanena ndi pakamwa pake, kuti ana atsala ndi amalume awo. Iye ankadinda chala, mwini mbumba ankadinda, nkhalamba zinkadinda, ndipo sabata yomweyo tinkapita kukalumbira kuti padindidwe chidindo, munthuyo manyazi akadali nawo. Akuluakulu, makamaka a kudambwe, sanakondwe nazo poyamba. Wina anandidzudzula anthu akumva: "A kalaliki, bolopeni pa maliro? Mwambo wathu wakhala wabodza liti?"

Ndinati, "Si wabodza, agogo. Koma wapolisi sauwerenga. Kafunseni aNkhoma."

ANkhoma anali pomwepo, atakhala kumbuyo ndi tianyamata tawo tiwiri. Anadzuka, nadutsa pakati pa anthu, natsegula kapadi ka inki, nakagwirizira okha mpaka womaliza atadinda.