Mayina Khumi ndi Anayi a Malume Idwal

"Kodi mutu wakowu umasunga zinthu, kapena ndi wonyamulira tsitsi basi?"

Anandifunsa choncho malume anga, a Idwal Probert, sabata imene ndinasiya sukulu. Ndinawayankha kuti ine ndikupita kumzinda wa Cardiff, kumene munthu akalankhula amamveka. Iwo anangokhosomola.

Malume analowa mumgodi wa malasha ndevu zisanamere. Mgodiwo utatsekedwa unasanduka malo oonetsa alendo, ndipo iwo analembedwa ntchito yotsika nawo pansi. Basi ya alendo imayambira pamlatho pomwe asilikali anawombera anthu ogalukira kalekale, n'kubwera kumgodi, n'kukathera kunyumba ya mlakatuli wa m'chigwa chathu, komwe kumakhala tiyi ndi makeke.

Pansipo malume anali ndi mwambo wawo. Akafika pomwe denga linagwa chaka chimene ankakwatira, ankauza aliyense kuti azimitse nyali ya pachipewa. Mumdimamo ankatchula amuna khumi ndi anayi amene anatsala pamenepo, osati ndi mayina a pamanda ayi, koma amene ankaitanirana pantchito: Glyn Mkate, Emlyn Kawiri, Tudor Wosaseka. Mayina amenewa sanalembedwe paliponse. Malume amati wakufa sayankha dzina la m'kaundula.

Chaka chino fumbi la m'mapapo lawagwira zolimba. Akatchula dzina limodzi amayamba apuma kaye, mpaka oyendetsa basi anadandaula kuti alendo akumapeza tiyi atazizira. Bwana wa pamalopo anati kuyambira mwezi wamawa pansipo pazilankhula makina. Malume anamupatsa mayina aja kuti awaikemo. Iye anakana, ati alendo aziseka.

Lachisanu lapitali linali tsiku lomaliza la malume pantchitoyo, ndipo ndinatsika nawo. Nyali zitazima anatchula asanu ndi anayi, chifuwa n'kuwatseka. Tinadikira. Mlendo wina anatopa n'kuyatsa nyali yake, enawo n'kutsatira, basi gulu lonse linayamba kubwerera.

Tili m'chikepe chokwera kumtunda malume anandigwira mkono.

"Asanu ndawasiya pansi, Nerys. Chiyambire sindinasiyepo munthu."



Ku Cardiff sindipita chaka chino. Ndizipita kwa malume m'mawa uliwonse mpaka mayina onsewo atakhazikika m'mutu mwanga. Kenako ndidzatsika ngati mlendo wamba, ndipo makinawo akadzangoyamba kulankhula, ine ndidzazimitsa nyali yanga n'kuyambira asanu aja, mokweza, kuti ndi bwana yemwe adzamve.