Nkhanambo ya pa Mlomo wa Amayi

Bolopeni ija inali yanga, ya buluu, yotafunidwa kumapeto. Inki itatha ndinasolola kamtima kake n'kutsala ndi chibowo chokha, choti ndiziwomberera anzanga timapepala m'kalasi. Koma chilimwe cha chaka chimene ndinali sitandade folo, chibolopeni chimenecho chinasanduka chomwera cha amayi. Ankachitsuka ndi madzi otentha, n'kuchiluma ndi mano, n'kumakoka nacho tiyi wozizira ndi phala lamadzimadzi kuti kapu isakhudze milomo. Mpaka lero ndikaona mwana akutafuna bolopeni, mtima sukhala m'malo.

Ndiyambe ndi milomoyo. Amayi anali ndi milomo yakuda ngati wina aliyense kwathu ku Limbuli, mpaka pamene kadontho koyera kanatuluka pakona. Sikankapweteka, sikankayabwa, kankangokula mwakachetechete. Chaka chisanathe mlomo wam'munsi unali wamawangamawanga, pena poyera pena pofiirira. Kuchipatala anawayeza magazi n'kuwauza kuti ndi khungu chabe lataya mtundu, sizipatsirana ndipo sizipha. Koma za kuchipatala zimathera pageti la chipatala. Pamjigo ankati kachasu wawawotcha, amayi amene ngakhale thobwa likangowawasa pang'ono ankalikana. Ena ankanong'ona za matenda aja, osawatchula dzina.

Amayi anali m'gulu la azimayi ophika phala kusukulu kwathu. Sankalandira kanthu, koma ntchitoyo ankayenda nayo monyadira. Nthawi ya buleki tinkaima mizere iwiri, makapu m'manja, mzere wina kwa amayi, wina kwa mayi mnzawo. Sukulu yonse inkadziwa kuti amayi sadontheza. Chotungira chinkachoka mumphika n'kukafika m'kapu ya mwana, ngakhale mwana wovinavina, osataya dontho.

Kenako mzere wawo unayamba kufupika. Tsiku lina ndili wachitatu pamzere, mtsikana wa mzere winawo anati, "Iwe, m'phala la amayi ako mukugwera za pakamwa." Anzake anaseka. Ndinayang'ana pansi, ndinasuntha mapazi awiri kumanzere, basi ndalowa mzere winawo. Mapazi awiri okha. Ndinadziuza kuti amayi sanaone chifukwa anali atawerama pamphika. Mwana akafuna kudzinamiza savutika.

Sabata yomweyo aphunzitsi aakulu anawaitana. Amayi anapita ndi buku lawo la kuchipatala, koma aphunzitsiwo sanalitsegule n'komwe. "Ife tamva, mayi, koma ana sawerenga buku, amawerenga nkhope. Mupume kaye." Mawu amenewa amayi anawabwereza kunyumba kangapo, akutsuka mbale, akusesa, osauza munthu aliyense makamaka.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, ankapalasa kabaza pa Muloza, kuwolotsa anthu ndi katundu kupita ku Vila, tauni ya tsidya la malire ku Mozambiki. Ndi iwo anabwera ndi nkhani ya dona wina kumeneko amene ankalemba milomo ndi kamakina ka singano, ngati mphini zakale zija koma za inki. Atsikana ankapita kukafiiritsa milomo. Amayi ankafuna kukadetsa yawo. Amalume atati, "Achemwali, akuti zimapweteka zedi," amayi anangofunsa kuti, "Kubereka kunali kotsekemera?"

Loweruka lina anakwera pa keliyala ya amalume m'mawa, n'kubwerako dzuwa litapendeka atadzimanga mpango kukamwa. Atauchotsa ndinathawira kuseri kwa chitseko. Milomo inali itatupa ngati yolumidwa ndi mavu, yakuda kuposa makala, ikunyezimira ndi mafuta. Amayi sakanatha kulankhula bwino, ndiye malamulo a dona anawatchula ndi amalume, ataima pakhomo thukuta likuyenderera. Padzuwa asamakhale. Chakudya chotentha, cha mchere kapena cha tsabola asayerekeze, ndipo mango aiwale, pamene mtengo wathu unali utalemera mpaka nthambi kukhudza denga. Milomo asanyambite. Azipukuta ndi kathonje koviika m'madzi owiritsa atazizira, kenako kupaka mafuta a m'kachubu pang'ono chabe, m'manja mosamba ndi sopo. "Koma chachikulu ndi ichi. Nkhanambo zikabwera, zigwe zokha. Mukakanganula, inki ipita nazo limodzi." Atatero anatembenukira kwa ine. "Wamva, iwe wa zala zoyabwa?"

Ankandidziwa. Chilonda cha pabondo panga sichinkapola msanga, chifukwa nkhanambo ikangouma ndinkaisenda, ikabweranso ndisendenso.

Kunkatentha chaka chimenecho. Phiri la kwathu linkabisika ndi utsi wa moto wa m'tchire, nyenje zinkalira kuyambira m'mawa, malata ankathetheka pamutu pathu. Anthu onse anali kumunda kugalauza mizere mvula isanagwe, ndipo amayi, munthu amene sindinawaonepo atakhala pansi dzuwa lili pamutu, anali otsekeredwa m'nyumba. Ankasesa katatu chipinda chimodzi. Ankafika pakhomo, kuyang'ana khasu lili pakhonde, n'kubwerera. Anali ndi kagalasi kosweka kochokera pa njinga ya amalume, ndipo kankatuluka m'thumba la chitenje pafupipafupi moti ndinasiya kuwerenga. Kuseka sakanatha, milomo ikanang'ambika, ndiye amayi anawaletsa amalume kubwera ndi nthabwala zawo. Nandolo ankadya wophwanya, wozizira, wopanda mchere, pogwiritsa ntchito kasupuni ka tiyi. Ine ndinkadyera mango kuseri kwa bafa kuti asamve fungo, koma mango sabisika.

Ntchito yanga inali kuwiritsa madzi, kuwadikira kuti azizire, ndi kutsuka chibolopeni. Ndinkaigwira bwino, ndisaname. Ndinkaona chilichonse. Tsiku lachitatu kutupa kunaphwa ndipo milomo inauma gwa. Tsiku lachinayi inayamba kuyabwa, moti amayi ankakhalira manja awo, nthawi zina n'kudzimenya pantchafu kuti maganizo apite kwina.

Tsiku lachisanu ndinaweruka masana n'kuwapeza atagona pamphasa chagada, maso otseka. Pakati penipeni pa mlomo wam'munsi panali nkhanambo imodzi itatukuka mbali imodzi. Akapuma inkadzuka, akatulutsa mpweya inkagona. Ndinagwada pambali pawo. Ndinati ndingoikhudza kuti ndione ngati yapsa. Theka linachoka lokha, theka linalo linakakamira, ndipo chala changa chinamaliza ntchito chisanandifunse. Panatuluka kadontho ka magazi. Amayi anasiya kupuma kanthawi kochepa, kenako anapitiriza, maso chitsekere. Ndinathamangira kumtengo wa mango, nkhanambo ili pachikhadabo. Inali yakuda bii. Inki yonse ija ndinali nayo ine.

Patapita masiku awiri nkhanambo zotsala zinayamba kugwa zokha, ndipo zimene zinaoneka pansi pake zinandiopsa. Milomo inali mbuu, mawanga akale akuonekera ngati sipanadutse singano. Kwa ine nkhani inali yosavuta: ndinabowola thumba, mtundu wonse wathawira pabowo langalo. Amayi anayang'ana kagalasi nthawi yaitali, kenako anakaika chafufumimba pawindo. Tsiku limenelo sanasese.

Amalume anapsa mtima, anapalasa mpaka ku Vila kukamufunsa dona kuti wamuchita chiyani mlongo wawo. Anabwerako atazizira. Akuti dona anangoseka, n'kunena kuti ndi mmene zimakhalira: khungu latsopano limaphimba inki, mtundu umabisala kaye, umadzatuluka pakatha mwezi ndi theka. Azingopitiriza mafuta ndi kupewa dzuwa. Amalume ankanena izi akukanda m'mutu, zikuoneka kuti nawonso sakukhulupirira. Ine sindinakhulupirire m'pang'ono pomwe, chifukwa ndinkadziwa chimene dona sankadziwa.

Mwezi ndi theka ndi wautali kwa munthu wamkulu, nanji kwa mwana wosenza mlandu. M'kalasi sindinkakhazikika, mpaka aphunzitsi athu anafunsa ngati pabenchi panga pali linthumbu. Phala la kusukulu ndinkalisiya m'kapu. Kunyumba ndinkazungulira amayi ngati nkhuku yofuna poikira, kuwapatsa madzi asanapemphe, kuwasuzumira pakamwa ndikunamizira kufunsa za homuweki. Katatu ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, katatu konse panatuluka zina. Ndinaganizapo zofinyira inki ya bolopeni yatsopano m'kachubu ka mafuta kuti ndibweze chimene ndinaba. Mulungu yekha ndiye anandigwira dzanja. Ndinkaopa, ndipo mantha anga sanali a chikwapu. Ndinkaopa kuti amayi akhala m'nyumba mpaka kalekale, anthu a pamjigo apambana, ndipo wochititsa ndine.

Mvula inagwa. Amayi anadzala mochedwa, m'mamawa ndi madzulo okha, atavala chipewa chamlaza cha amalume. Mtundu sunabwere tsiku limodzi ayi. Unkabwera mobisa, moti ukamayang'ana tsiku ndi tsiku sukanaona kanthu. Koma m'mawa wina ataima pakhomo kuwala kukuwamenya kumaso, amalume anatsika panjinga n'kuima kukamwa yasa. Milomo inali yoderapo, yofanana kuyambira kona mpaka kona, milomo wamba ya munthu wamba. Kupatula malo amodzi. Pakati pa mlomo wam'munsi panatsala kadontho koyera, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

Amalume anati dona ananena kale kuti pakatsala malo abwerere akadzaze, sizitenga nthawi. Amayi anapukusa mutu. "Pasiyeni, achimwene. Ndikuchidziwa chimene chinatera pamenepa." Sanandiyang'ane. Ine ndinapuma, ndikuganiza kuti akunena ntchentche. Uchitsiru wa ubwana ndi wokoma bwanji.

Sukulu itatsegulira pambuyo pa Khirisimasi, amayi anapita kukaonekera kwa aphunzitsi aakulu. Aphunzitsiwo anawayang'ana pakamwa n'kunena kuti, "Mwachiratu, mayi." Munthu amene sanadwalepo. Ndikaikumbukira nkhani imeneyi panopa ndimapsa mtima, koma amayi anangothokoza n'kukatenga mthiko wawo.

Belu la buleki litalira, mizere iwiri inayamba kupangika. Ndikanakonda kulemba kuti ndinathamanga n'kukaima kutsogolo kwa amayi, kapu m'mwamba. Sizinatero. Ndinaima pansi pa mtengo wa bulugamu, kudikira kuti ndione anzanga achita chiyani. Anayamba ndi mnyamata wina wa sitandade sikisi amene njala yake sinkasankha wophika. Kenako awiri, kenako asanu. Mtsikana uja wa mawu aja anayang'anitsitsa milomo ya amayi, n'kulowa nawo mzere ngati sananenepo kanthu. Nditaona kuti mzere watalika ndipo palibe akuseka, ndi pamene ndinapita kukaima kumapeto.

Nditafika pamphika, amayi anandiyang'ana. Kadontho kaja kanali pomwepo, pafupi ndi nkhope yanga. "Wabwera?" anafunsa chapansipansi, moti mayi mnzawo sanamve. Ndinangogwedeza mutu n'kupereka kapu. Amayi anathira, koma phala lotentha linasefukira pachala changa chachikulu n'kudonthera pansi.

Ndinakwiya. Ndinachoka ndikuyamwa chala, ndikudandaula mumtima kuti ana onse awathirira bwinobwino, n'chifukwa chiyani awotcha ine, mwana wawo, pamaso pa anthu. Ndinkadziwa kuti singano zija, masiku aja a m'nyumba ndi nandolo wopanda mchere uja anapirira chifukwa cha aphunzitsi aakulu ndi mphika wa phala. Ndinkadziwa kuti masana aja pamphasa anali mtulo. Ndinkadziwanso kuti munthu wowerama pamphika saona mapazi a anthu oima pamzere. Zonsezi ndinkazidziwa bwino kwambiri. Chimene chinandizunguza mutu tsiku lonse, mpaka kuweruka, chinali chimodzi chokha: zatheka bwanji kuti amayi adontheze?