Andimanipuleta mutu, andimanipuleta msana

Mwana wanga Chisomo, amene wayamba ntchito ku City Centre, wabweretsa mawu atsopano m'nyumba mwanga. Mawuwo andipweteketsa msana.

Zinayamba Loweruka lina, masabata awiri apitawo. Ndinali nditakhazikika pampando kudikira mpira pakanema. Amake Chisomo anatulukira ndi chikwama, n'kupumira m'mwamba.

"Inu khalani, bambo a Chisomo. Kumsika wa Tsoka ndipita ndekha. Bondoli likatupa ndikapumula panjira."

Mpirawo sindinauone. Tsiku linathera pakati pa milu ya kaunjika, ine nditasenza makatani.

Titabwerako, Chisomo anaseka mpaka misozi. "Adadi, amami akukumanipuletani!"

Anandimasulira kuti pachizungu mawuwa ali pawiri. Kwina ndi kugwira chinthu ndi manja mwaluso. Kwina ndi kumuyendetsa munthu mochenjera, iye n'kumaganiza kuti nzeruzo ndi zake.

Abale, kodi si zimene timachitirana tsiku ndi tsiku? Bwana akati Lachisanu madzulo, "Muofesi muno ndimadalira inu nokha," dziwani kuti mawa mukugwira ntchito. Mlamu akayamba kuyamikira galimoto yanu, dziwani kuti kumudzi kuli ukwati. Mawu athu tili nawo, kunyengerera, kupusitsa. Koma kupusitsidwa kumachititsa manyazi, pomwe kumanipuletedwa kumamveka ngati akukweza pantchito.

Zinandiwawa, ndisaname. Ndinalumbira kuti fainolo ya mpira ya Loweruka lotsatira yokha ndiionera, ngakhale kunali chinkhoswe cha kuchikazi. Ngati kumanipuleta kuli luso, ine n'kulephera?

M'mawa wa tsikulo ndinadzuka ndikubuula, dzanja lili kumsana. "Mayi, msanawu lero wakana. Kuchinkhoswe pitani nokha."

Amake Chisomo anandiyang'ana mwachifundo. "Chinkhoswe n'chiyani poyerekeza ndi msana wa amuna anga?"

Ndisanayankhe, ndinali m'galimoto. Anakanditula kwa dokotala wa mafupa ku Area 3. Nthawi imene mpira unkayamba, ine ndinali chafufumimba pakabedi, chimunthu cha manja ngati makasu chikupinda malaya.

"Musaope, bambo. Ndingokumanipuletani pang'ono msanawu."

Gwaa! Ndinaitana amayi anga amene ali ku Mitundu. Msana umene unalowa muja uli bwinobwino unatuluka ukupwetekadi. Paja chenjerechenjere sakupha nsomba, akupha nsomba n'kombe.

Potsanzikana, dokotala uja anati kwa akazi anga, "Tionana mawa kukwaya, mayi." Apo m'pamene ndinakumbuka kuti kuchipatalako sitinaime pamzere, ankatidikira.

M'galimoto anandisisita phewa. "Akuti muzibwera Loweruka lililonse mpaka muchire. Kapena mwachira kale?"

"Ndachira! Loweruka likubwerali tiyeni tikasinthe makatani aja ku Tsoka, munati ndi aafupi."

"Ngati mwaganiza choncho inuyo, ine ndingakane?"

Mwamva, abale? Ndaganiza ndekha. Palibe wandiuza.