Kuseri kwa Boneti

Ndinakulira m'galaja ku Ndirande. Bambo anga anali makaniki, ndipo poti anabereka ana aakazi okhaokha, ntchito yawo anaphunzitsa ine. Pamene ndinkakwatiwa n'kuti ndikutha kusiyanitsa ndi khutu lokha bawuti imene ikumasuka ndi imene yatsala pang'ono kuthyoka. Amuna anga ankadziwa zimenezi, koma titanyamuka kupita kwawo ku Misuku anandipempha kuti ndisamazionetsere. Iwo ankagwira ntchito yoyang'anira nkhalango ya Mughese, ndipo nyumba yathu inali kumunsi kwa ya makolo awo.

Chinali chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba. Ku Blantyre anzanga anali atayamba kuvala mathalauzi, ine uku ndikuphunzira kugwada m'udzu. Pabanja limene ndinakwatiwapo, mkamwana sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Salankhula nawo, satchula dzina lawo, ndipo akawaona akubwera panjira amapatuka n'kutembenuka. Ine wapakamwa ngati ine, zinkandiwawa kwabasi. Miyezi isanu ndi itatu inatha ndikudziwa chipewa chawo, jekete lawo ndi chifuwa chawo cha m'mawa, koma nkhope ayi.

Apongozi amenewa anali ndi pikapu yakale yoyendera petulo, imene anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Zambia. Nyengo yothyola khofi, galimotoyi ndiyo inkanyamula matumba a mudzi wonse kupita kumakina opukusira. Khofi akathyoledwa amafunika afike tsiku lomwelo, akagona amayamba kusasa. Ndiye m'mwezi wa Julaye pikapu ija inayamba kutsokomola, pamtunda n'kumafooka ngati munthu wodwala malungo. Wamalonda wina anawabweretsera mapulagi atsopano kuchokera kumalire a Tanzania, ndipo m'mawa wina, amuna anga ali kumaphunziro a ntchito ku Dedza, apongozi anatsegula boneti kuti asinthe okha.

Ine ndinali kuseri kwa khitchini ndikuchapa, koma makutu anali kugalimoto. Pulagi yoyamba inatuluka bwino. Yachiwiri inalira pang'ono koma inalola. Pa yachitatu ndinamva apongozi akubuula, sipanala ikuterereka, kenako zii. Posakhalitsa ndinamva chitsulo chikukwekwerezeka pansi. Nditasuzumira pampata wa mpanda ndinaona msana wawo, m'manja muli paipi yaitali kuposa mkono wanga, akuilowetsa kumchira kwa sipanala.

Pulagi yokakamira ukaikakamiza ndi paipi imaduka pakhosi, theka n'kutsalira m'kati mwa injini. Zikatero pamafunika kutsitsa mutu wonse wa injini n'kukaupereka kwa anthu a makina, ndipo kumapiri kuja kunalibe. Galimoto ikanakhala pamiyala mpaka mvula, khofi wa anthu akuwolera m'matumba. Ndinathamangira kwa apongozi aakazi, amene ankasola nyemba pakhonde, manja anga ali thovu lokhalokha.

"Amama, chonde kawauzeni asiye paipiyo. Ithyoka."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula za kumwezi. "Iwe mkamwana, vya galimoto ukuvidziwa?"

"Ndikudziwa, amama. Fulumirani."

Anapita osafulumira ngakhale pang'ono, lichero lili m'manja. Ndinamva akulankhulana m'chiyankhulo chawo, mawu a apongozi aamuna akukwera. Sindinamve zonse, koma mawu akuti Blantyre anamveka kawiri, ndipo sanamveke mokoma. Ndinatsala pang'ono kutulukira pabwalo n'kunena ndekha, zamwambozo zikaonekera kutsogolo. Chinandigwira n'chakuti ndinamva paipi ikugwa pansi.

Amama anabwerera akumwetulira chakumbali. "Akuti fundi wa ku Blantyre anene tsono. Tiye."

Anandizungulitsa kumbuyo kwa galimoto, n'kutsegula chitseko, n'kundikankhira pampando. Boneti yotsegula ija inatseka galasi lonse lakutsogolo, moti ine sindinkaona apongozi, iwonso sankandiona. Amama anakoka kampando n'kukhala pambali pa tayala, pamene tonse awiri tinkawaona, n'kupitiriza kusola nyemba zawo.

"Amama," ndinayamba, "muwauze ayambe achotsa dothi lozungulira pulagiyo. Apope ndi pampu ya njinga."

"Akuti mupope njinga," anatero amama.

"Njinga yalakwanji?" anafunsa apongozi.

Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Koma ndinazindikiranso chinthu china. Anafunsa m'Chichewa, pamene anthu awiriwa sankalankhulana Chichewa m'nyumba mwawo. Funsolo linali langa.

Ndinabwereza mokweza pang'ono, ndipo amama asanatsegule pakamwa ndinamva pampu ikupuma, fuu, fuu. Kenako ndinapempha palafini wa m'nyali ndi mafuta a mabuleki pang'ono, asakanize m'kachitini, adonthezere ndi nthenga ya nkhuku m'mbali mwa pulagi kuti alowerere m'mano mwake. Izi zinachitika. Ndiye ndinanena chovuta kwambiri kwa munthu aliyense wogwira sipanala, chakuti tsopano tiisiye, tidikire mpaka dzuwa lifike pamutu.

"Auzeni kuti anthu ali m'minda akuthyola," anatero apongozi. "Ikamakwana folo matumba akhala ali pano."

"Muwauze, amama, kuti ndikudziwa. Koma ikathyoka, matumbawo adzakhala pano mpaka Khirisimasi."

Amama sanabwereze zimenezo. Anangoti, "Mwapulika mwekha," kutanthauza kuti mwadzimvera nokha. Kunja kuja kunamveka kaphokoso ka m'mphuno, kamene sindinadziwe ngati ndi kuseka kapena kukwiya.

Tinabalalika. Ine ndinakamaliza kuchapa, ndipo kawiri konse ndinawamva akubwerera kugalimoto kukadontheza mafuta ena popanda wowauza. Masana titakhalanso m'malo mwathu, ndinawapempha kuti asayambe ndi kumasula. Ayambe amanga kaye pang'ono pokha, ngati akufuna kuidzutsa, kenako abweze. Sipanala ikhale yowongoka, dzanja lina ligwire pamutu pake kuti isapendame. Ikalira asiye, adonthezenso mafuta, abwerere kumene achokera. Ndinagwira chitsulo cha chitseko ndi manja awiri, pakuti mphamvu zawo zonse zinkandifika m'zikhato kudzera m'thupi la galimoto.

Kunamveka kakuti tse. Kenako kulira kowonda kuja kumene ndinkakuopa.

"Asiye!" ndinakuwa, kuiwala kutchula amama.

Anasiya. Ndiye apongozi analankhula kwa akazi awo pang'onopang'ono, mawu awo atatsika.

"Anyina mwana, auzeni kuti dzanja langa lazolowera vitsulo vya kumigodi. Likudziwa kukoka basi, kumva silikumva. Abwere agwire okha. Ine ndikhale uko ali."

Ndinamva sipanala ikuikidwa pansi. Amama anandikodola, ine n'kutsika kuzungulira kumbuyo, apongozi akulowera chitseko chinacho. Ndinakwinya chitenje n'kuimirira patsogolo pa injini, koyamba chichokereni kwathu. Fungo la petulo ndi oilo wakale linandipatsa chisoni chosayembekezera, ndinawasowa bambo anga. Ndinapukuta maso ndi phewa n'kugwira sipanala.

Ntchitoyo ilibe matsenga, ndi kuleza mtima basi, chinthu chimene ine pa zina zonse ndilibe. Kutsogolo pang'ono, kubwerera, dontho la mafuta. Ulendo uliwonse pulagi inkalola kachidutswa kena. Mbuzi yawo itamasuka kudimba, amama anasiya lichero pakampando n'kuithamangira. Ndinawaona akupita, ndipo ndikudziwa kuti apongozi nawonso anawaona pawindo la m'mbali.

"Anyina mwana," anatero apongozi m'galimoto muja, "afunseni ngati ikuyenda."

Ndinayang'ana kampando kopanda munthu. "Muwauze, amama, kuti yayamba kufewa."

"Auzeni asafulumire. Pole pole."

"Muwauze kuti ndamva."

Itafika poti n'kupota ndi zala, ndinaitulutsa yathunthu, yakuda bii, mano ake ali dzimbiri koma onse alipo. Yachinayi nayonso anali ataidonthezera mafuta kuyambira m'mawa, ndiye sinavute kwenikweni. Mapulagi atsopano ndinayamba kuwalowetsa ndi zala kuti asalume mokhota, sipanala ndinangomalizira. Nditabwezera mawaya, ndinauza kampando kaja kuti alize. Injini inadzuka ulendo woyamba, n'kumayenda mosalala mopanda kutsokomola. Kumtunda kwa njira anthu oyamba anali akutsika kale, matumba ali pamutu.

Apa m'pamene ndinaona vuto limene tonse sitinaliganizire. Boneti inafunika kutsekedwa, ndipo ikatsika, pakati pa ine ndi apongozi patsala galasi lokha. Ndinaima nditagwira kachitsulo kochirikiza, osadziwa chochita. Amama anali kutali, mawu awo akumveka kudimba akukalipira mbuzi.

"Anyina mwana," anatero apongozi mokweza kuti apose injini, "auzeni atseke. Ine ndatsinzina."

Ndinatsitsa boneti. Analidi atatsinzina zolimba ngati mwana amene akumusambitsa sopo, chipewa chili pamwendo. Anali ndi imvi zochepa, chipsera pachibwano, ndi makutu otambalala ofanana ndendende ndi a amuna anga. Ankaomba m'manja mwakachetechete pamwamba pa chiwongolero, ndipo milomo yawo inkanena mawu amodzi a kwawo amene ndinali nditawaphunzira kale, akuti ndagha, zikomo.

Ndinayenera kutembenuka pomwepo. Sindinatembenuke. Ndinawayang'ana mpaka ndinakhutira, pakuti ndinadziwa kuti mwayi wotere sudzabweranso, ndipo sunabweredi m'zaka zonse zimene anakhala ndi moyo. Iwo sanatsegule maso mpaka atamva mapazi anga afika kuseri kwa mpanda.